Njovu zosema pa Khirisimasi, wogula ali kuti?

Funso: "Ndili ndi kashopu ka zosemasema, madengu ndi mikanda pafupi ndi msika wa Kapata kuno ku Chipata. Mu Novembala ndinatenga kaloba ya K6,000, chiwongoladzanja 30 pa 100 pamwezi, n'kuwoda njovu ndi mvuu zosema kuti shopu idzaze pa Khirisimasi. Disembala wafika pakati koma anthu akungodutsa. Kodi ndigule tinyale tothwanima ndi sipika kuti pakhale posangalatsa?"

Amayi, tinyaleto tisiyeni kaye. Ndi mmene magetsi amazimira, mungathwanimitse chiyani? Vuto lanu lili pa mawu awiri amene mwawalemba mongodutsa: kaloba ndi njovu.

Njovu yosema amagula ndi alendo opita kukaona nyama ku nkhalango ya South Luangwa, ndipo iwo amachuluka kuyambira Juni mpaka Okutobala. Mvula ikayamba, misasa yambiri ya m'tchire ku Mfuwe imatseka, magalimoto a alendo n'kuchepa pamsewu. Inu mwawodera katundu anthu amene anakwera kale ndege. Ndipo wa kuno kwathu mu Disembala ndalama yake ili ku feteleza, mbewu ndi aganyu opalira, yotsalayo akusungira yunifomu ndi mabuku a mu Januwale. Ndalama ya mlimi wa kuno imaoneka akagulitsa chimanga, soya ndi mtedza, osati pano.

Tiyeni tiwerengere. 30 pa 100 ya K6,000 ndi K1,800 mwezi uliwonse. Tinene kuti njovu mumawoda K150 n'kugulitsa K250. Phindu ndi K100. Ndiye muyenera kugulitsa njovu 18 pamwezi kuti mungokhutitsa wa kaloba, lendi musanaikhudze, ngongole yeniyeniyo ili chikhalire. Pakatha miyezi itatu adzakhala atadya K5,400, pafupifupi ndalama yonse imene anakupatsani. Munthu ameneyu sasema, saluka, sakhala pashopu, koma ndiye mwini phindu. Ndimalandira makalata otere chaka chilichonse, ndipo onse amayamba ndi funso la zokongoletsa.

Choyamba, wa kaloba uja muchotseni pakhosi. Zosema zina bwezani kwa amisiri ngati angalole, zina gulitsani pamtengo wowodera, ngakhale kutayapo K20 pa imodzi. Kutaya K20 kamodzi n'kwabwino kusiyana ndi K1,800 mwezi ndi mwezi. Ndalama iliyonse yolowa ipite kochepetsa K6,000 ija, ndipo alembe papepala kuti yatsala zingati, asayine. Chaka chamawa, katundu wokwera mtengo muzitenga mogwirizana ndi wosema kuti mudzamulipira akagulidwa. Mukafuna mpamba, chilimba cha amayi anzanu chilipo.

Tsono ndani ali ndi ndalama mwezi uno? Aukwati ndi a kitchen party, komanso abale ochokera ku Lusaka ndi ku Copperbelt amene abwera kudzaona makolo. Awa safuna mvuu. Akufuna mthiko, chipande, lichero, dengu lovundikira, kamtondo ndi munsi wake, mphasa. Mangani mtolo umodzi: lichero, mithiko iwiri, chipande ndi kadengu, kulungani m'chitenje cha mamita awiri, ikani mtengo umodzi wolembedwa bwino. Mukawoda zonse pa K170, gulitsani K260. Munthu wothamangira phwando Loweruka masana sanenerera chinthu chimodzichimodzi, amangonyamula. Ndipo musadikire pashopu. Pitani kwa alangizi ndi amayi a kumpingo amene amayendetsa maukwati, muwasiyire mtolo umodzi woonetsa. Mlangizi mmodzi amadziwa maukwati a mwezi wonse kuposa sipika iliyonse. Jambulani mitolo ija padzuwa, ikani pa WhatsApp ndi mtengo wake. Wa ku Lusaka atumize kaye ndalama pa Airtel Money kapena MTN, katundu akwere basi pambuyo.

Za kusangalatsa shopu zija, nazi zaulere. Itanani woluka madengu akhale pakhonde Lachisanu ndi Loweruka, aziluka anthu akuona. Anthu amaima kuonerera manja akugwira ntchito, ndipo pamene paima atatu, wachinayi amabwera yekha. Tinthu totchipa, ndolo za mikanda ndi tizikwama ta chitenje ta K20 kapena K40, tikhale pakhomo penipeni. Zosema zazikulu zipite kumbuyo.

Samalaninso chinyezi, chifukwa chimadya katundu mwakachetechete. Dengu kapena lichero likagona pasimenti nyengo ino, pakatha masiku ochepa limachita nkhungu ndi madontho akuda amene sachoka. Ikani pathandala, patali ndi khoma, ndipo dzuwa likawala muziyanike ola limodzi. Zosema muzizipukuta ndi polishi, ndipo mukaona kaufa pansi pa chosema, dziwani kuti tizilombo talowa: chipatuleni msanga chisanapatsire zinzake.

Chotsala ndi chimene simunalembe koma ndikuchidziwa. Mwezi uno alamu adzatenga dengu "la apongozi", mphwanu adzatenga mikanda, onse adzati tidzaonana mwezi ukatha. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, amayi. Gulani kabuku ka K10, chilichonse chotuluka pakhomo chilembedwe, dzina ndi mtengo, mwini wake akuona. Mukafuna kupatsa mbale mphatso, tulutsani ndalama m'chikwama chanu mulipire shopu ngati kasitomala wina aliyense.

Njovu zimene zitsale musazitaye mtima. Kumapeto kwa Febuluwale kuli mwambo wa Angoni wa Nc'wala ku Mtenguleni, alendo adzadzaza Chipata. Zikulungeni m'manyuzipepala, muziike pouma, ndipo malo ogulitsira kumeneko muyambe kufunsa mu Januwale.