Chifukwa chake nsomba zili ndi school m'Chingerezi

Azakhali, ndamvera uthenga wanu uja wokhudza mdzukulu wanu amene wabwera kunyumba atalemba school of fish m'kope mwake, ndipo mukufunsa ngati aphunzitsi sanalakwitse, popeza tonse timadziwa kuti school ndi sukulu. Aphunzitsi sanalakwitse ayi, choncho mwanayo asafufute chilichonse. Mawuwo amatanthauza chigulu cha nsomba zosambira pamodzi, monga mmene ife timanenera msambi wa ng'ombe, ndipo alibe ubale uliwonse ndi sukulu yophunzirirako. Chimene chimasokoneza n'chakuti m'Chingerezi muli mawu awiri ochokera kosiyana, amene m'kupita kwa zaka anadzafanana kalembedwe ndi katchulidwe.

School yophunzirirako inachokera ku mawu a Chigiriki akuti skhole, amene ankatanthauza nthawi yopuma. Anthu amene anali ndi mpata ankagwiritsa ntchito nthawiyo pokambirana za nzeru, mpaka mawuwo anayamba kutanthauza malo ophunzirirapo. Aroma anawatenga n'kumati schola, kenako anafika m'Chingerezi, ndipo ifenso tinawabwereka n'kumati sukulu.

School ya nsomba ili ndi njira yakeyake, ndipo ndi imene ine imandisangalatsa kwambiri. Inalowa m'Chingerezi cha m'ma 1400 kuchokera ku mawu akuti schole a Chidatchi chakale, chimene chinkalankhulidwa kumene lero kuli Netherlands ndi kumpoto kwa Belgium, ndipo tanthauzo lake linali khamu kapena gulu lalikulu. N'zosadabwitsa kuti mawu a usodzi anachokera kumeneko, chifukwa anthu a kumeneko ndi a ku England ankasodza m'nyanja imodzi ya North Sea, makamaka nsomba yotchedwa herring imene imayenda m'zigulu zikuluzikulu, ndipo ankakumana pa malonda m'madoko ngati Great Yarmouth. Chingerezi chakale chinali kale ndi mawu akeake akuti scolu, otanthauza gulu la anthu kapena la ankhondo, amene ndi a banja limodzi ndi a Chidatchi aja. M'banja lomwelo mulinso mawu akuti shoal, amene anayamba kuoneka m'zolemba m'zaka za m'ma 1500, ndipo nawonso amatanthauza chigulu cha nsomba.

Mwina mdzukuluyo adzafunsa kuti pa mawu awiriwa, school ndi shoal, oyenera ndi ati. Polankhula wamba onse ndi olondola, koma akatswiri a za nsomba amawasiyanitsa, ndipo mmodzi wa iwo, Tony Pitcher, anafotokoza kusiyanaku momveka bwino mu 1983. Nsomba zikangokhala pamodzi, iliyonse ikuyang'ana kwake ndi kudya zake, amati shoal. Zikayamba kusambira molunjika mbali imodzi, pa liwiro limodzi, n'kumakhota nthawi imodzi ngati thupi limodzi, pamenepo ndiye amati school. Zimatha kutero chifukwa zimayang'anana ndi maso, komanso m'mbali mwa thupi lake nsomba ili ndi mzere umene umamva kugwedezeka kwa madzi inzake ikatembenuka. Kuyenda motere kumaziteteza, pakuti nsomba yolusa imavutika kusankha imodzi pakati pa zambirimbiri zimene zikung'anima ndi kukhota pamodzi.

Azakhali, inu munakulira kunyanja, ndiye muli ndi chitsanzo chabwino kuposa cha m'buku lililonse. Mumuuze mwanayo za usipa, mmene umasonkhanira pansi pa nyali usiku asodzi asanazungulize chilimira, ndiponso mmene chigulu chonse chimatembenukira kamodzi chikadzidzimutsidwa. Ndikukhulupirira kuti akamva zimenezo kuchokera kwa agogo ake, mawuwa sadzamuvutanso, chifukwa adzakhala akuona chinthu chenichenicho m'maganizo mwake osati kungoloweza.

Pa kagwiritsidwe ntchito, chofunika kusamala n'chakuti mawuwa ndi a zam'madzi zokha. Amanenedwanso za anamgumi ndi ma dolphin, ngakhale kuti pa zimenezi ambiri amakonda mawu akuti pod. Asadzalembe school ponena za ng'ombe, chifukwa kumeneko amati herd, pamene nkhosa ndi mbalame amati flock. Ife mawu akuti gulu amatikwanira pafupifupi paliponse, n'chifukwa chake ana athu amavutika ndi mbali imeneyi ya Chingerezi, ndipo ndi bwino kuwaphunzitsa nyama imodziimodzi pamodzi ndi mawu ake.

Adziwenso kuti shoal ali ndi tanthauzo lina, la malo osaya m'nyanja pamene bwato lingakakamire pamchenga, ndipo limeneli linachokera ku mawu ena a Chingerezi chakale otanthauza kusaya. Akadzawerenga kuti sitima yatitimira pa shoal, asadzaganize kuti yagunda nsomba.