Tchimo lomwelomwelo nthawi zonse: ndipitenso kukalapa?

Mayi wina wanditumizira imelo. Akuti akapita kukalapa amanena tchimo limodzimodzi, kupsa mtima ndi kulalatira ana, ndipo sabata isanathe amakhala atabwerezanso. Pano analeka kupita, poopa kuti akuseweretsa Mulungu. Akufunsa ngati kulapa kotere kuli koona.

Mayi, pitaninso. Chimene Mpingo umafuna kwa wolapa ndi chisoni pa tchimo lake komanso mtima wotsimikiza kulisiya. Sufuna kuti mulosere za mawa. Mutha kudziwa bwino lomwe kuti pakamwa panu sipachedwa, komabe n'kugwada pamaso pa wansembe mukufunitsitsa kusintha. Zimenezo n'zokwanira. Mu 1551 Msonkhano waukulu wa maepiskopi a Mpingo wa Katolika wa ku Trent unaphunzitsa kuti ngakhale chisoni chobwera poopa chilango ndi mphatso ya Mulungu, ndipo chimamukonzera munthu njira yolandira chikhululukiro mu sakramenti la kulapa.

Tsono ndinene china chimene mwina sichikukomerani. Manyazi okuletsani kulapawa nthawi zambiri mkati mwake mumabisala kunyada. Timafuna kukaonekera kwa Mulungu titadzikonza kale, kuti atiyamikire. Wamsonkho wa pa Luka 18 analibe chabwino choti aonetse. Anaima patali, maso pansi, akudziguguda pachifuwa n'kupempha chifundo, ndipo Yesu akuti ndiye anabwerera kwawo ali wolungama, osati Mfarisi wosala kudya kawiri pa sabata uja.

Taganiziraninso za Yudasi. Anthu amaiwala kuti nayenso anamva chisoni: anabweza ndalama zasiliva 30 zija, mpaka kuvomera kuti wachimwa. Chinamupha ndi kutaya mtima. Petro anamukana Ambuye katatu usiku umene Yesu anagwidwa, analira kwambiri, koma sanawathawe anzake, ndipo m'mbali mwa nyanja Yesu anangomufunsa katatu ngati amamukonda.

Pa 17 Malichi 2013, atangosankhidwa kumene, Papa Francis anauza anthu kuti Mulungu satopa kukhululuka, otopa ndife, timatopa kupempha.

Mukapita, muwauze wansembe poyera kuti tchimoli n'lobwerezabwereza ndiponso kuti munaleka kubwera chifukwa cha manyazi. Musaope, zimene amva polapitsa saloledwa kuziulula kwa wina aliyense. Muyambenso kuonetsetsa nthawi imene mkwiyowo umabwera, kaya ndi madzulo mutatopa kaya mutakangana ndi wina. Ndipo mwana amene mwamulalatira, mumuitane mumupepese tsiku lomwelo.