Mfuti ya Mauser 1909 imene akukugulitsaniyo: yang'anani chitsulo kaye

Achimwene, zithunzi zinayi mwatumiza zija ndaziona. Mwati bambo wokalamba wa pafamu yoyandikana nanu ku Lephalale akusiya zosaka, mfuti yake akuigulitsa R18 000, akuti ndi custom, pampope palembedwa .30-06 (mtundu wa zipolopolo zake), ndipo inu mukufuna yoti muziphera nswala, njiri ndi ngoma m'nyengo yozizira. Ine ndakhala zaka zambiri ndikugwira ntchito m'shopu ya mmisiri wa mfuti kuno ku Limpopo, ndipo mfuti za mtundu umenewu zadutsa m'manja mwanga zambirimbiri. Musapereke ndalama kaye. Mfutiyo ikhoza kukhala yabwino kwambiri, koma chimene chakukopani ndi thabwa lonyezimiralo, pomwe mtengo weniweni wa mfuti uli m'chitsulo.

Tisanapite patali, mapepala anu ali bwanji? Lamulo la mfuti la kuno, Firearms Control Act la chaka cha 2000, limapereka competency certificate, satifiketi yosonyeza kuti ndinu woyenera kukhala ndi mfuti, kwa munthu wa zaka 21 kapena kuposerapo amene ndi nzika ya South Africa kapena ali ndi permanent residence. Ngati muli ndi chilolezo chogwirira ntchito chokha, nkhani yathera pomwepa. Ngati zonse zili m'malo, mudzalemba fomu ya SAPS 271 kupolisi, ndipo mfutiyo ikhale kwa mwini wake kapena kushopu yovomerezeka mpaka laisensi yanu itatuluka. Asakunyengereni kuti "tengani muzisungiratu". Onaninso kuti nambala ili pamfuti ndi yomweyo ili pa laisensi ya mkuluyo.

Tsopano mfuti yeniyeniyo. Pachithunzi chachitatu, kumanzere kwa action (chitsulo chapakati chomwe mpope umamangidwirapo), ndikuwerenga MAUSER MODELO ARGENTINO 1909, ndipo dzina la fakitale ndi Deutsche Waffen- und Munitionsfabriken, Berlin. Ndiye kuti poyamba inali mfuti ya asilikali a ku Argentina, yopangidwa ku Germany potsatira kapangidwe ka Paul Mauser ka mu 1898. Amisiri amaikonda action imeneyi chifukwa inasulidwa mwaudongo, ndiponso chitseko cha pansi pa magazini chimatseguka ndi kabatani ka m'kati mwa chotchingira trigger (kachitsulo kofinya ndi chala powombera), monga mfuti zodula za alenje. Mpaka apa nkhani ili bwino.

Koma mawu oti custom amabisa zambiri. Pali mfuti imene mmisiri wodziwa ntchito anaiphwasula yense, naikamo mpope watsopano, nasema thabwa loyenerana ndi mwini wake, nadinda dzina lake pampope. Paliso ina imene munthu anangodula thabwa la usilikali ndi sowo m'galaja, kuboola mabowo a sikopu (galasi lolozera powombera), kupaka vanishi. Zonse ziwiri anthu amazitcha custom. Pazithunzi zanu sindikuona dzina la mmisiri aliyense. Mfuti ya kampani ya Musgrave ya ku Bloemfontein mukaiona mumadziwa amene anaipanga, ndipo wogula wina mawa adzadziwanso. Yopanda dzina imagulidwa ndi zimene maso ndi zoyezera zaona basi, nkhani zoti "anapanga ndi Mjeremani wina wa ku Pretoria" sizikweza mtengo.

Chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri ndi mpope. Mfuti za 1909 zinatuluka m'fakitale zikuwombera 7.65x53, imene chipolopolo chake ndi chonenepa pang'ono, mainchesi .311, pomwe cha .30-06 ndi .308. Zambiri mwa mfutizi zitagulitsidwa kwa anthu wamba, ogulitsa ena anangokuza chamber, kachipinda ka kumbuyo kwa mpope komwe chipolopolo chimakhala, kuti .30-06 ilowe, mpope n'kusiya wakale womwewo. Imalira ndithu, koma chipolopolo chimadutsa molobodoka, ndipo mudzatha mabokosi a zipolopolo mukudzudzula sikopu yosalakwa. Kuzindikira kwake n'kosavuta. Mpope wa usilikali suchepa mosalala kuchokera kumbuyo mpaka kukamwa, umatsika ngati masitepe. Mukaona masitepe amenewo, komanso nambala ya pampope ikufanana ndi ya pa action, dziwani kuti ndi wakale. Pachithunzi chanu choyamba dzanja la mkuluyo laphimba malo enieniwo, ndiye pitani mukaone nokha. Mmisiri amatha kukankha kachidutswa ka mtovu wofewa mumpope n'kukayeza, nkhani n'kutha.

Mukatulutsa bolt (chitsulo chokoka ndi dzanja chomwe chimalowetsa chipolopolo n'kutseka kumbuyo kwa mpope), penyani mumpope kuchokera kumbuyo, kukamwa kwake kutaloza kowala. Mizere yozungulira ya m'kati mwa mpope ikhale yakuthwa kuyambira pomwe chamber yathera. Ikayamba mofufutika, ngati msewu wa dothi wokokoloka, mpope wadyeka ndi moto. Timaenje takuda ndi dzimbiri la zipolopolo zakale za usilikali zomwe zinkasiya mchere mumpope. Onaninso kukamwa kwenikweniko: mfuti za pafamu zimayenda m'bakkie zitazondoka, kamwa ili pansi, ndipo pamakhala tizipsera. Chimenechi chokha si chodetsa nkhawa, mmisiri amakonza mosavuta.

Chachiwiri chimene sindingachilumphe ndi headspace, kutanthauza mpata wa pakati pa nkhope ya bolt ndi pomwe chigoba cha chipolopolo chimatsamira m'chamber. Ma action a 1909 ali ndi mbiri yoti chitsulo chake n'cholimba pamwamba pokha, m'kati n'chofewerapo. Munthu akamawombera zipolopolo zamphamvu zodzipangira yekha kwa zaka, mano awiri a kutsogolo kwa bolt amadinda timaenje pomwe amatsamira, mpata uja n'kukula. Ndi chifukwa chake amisiri osamala amaitumiza action kukailimbitsanso ndi moto asanamange mfuti. Chizindikiro chake mumachimva m'dzanja: mukawombera, chogwirira cha bolt chimalimba pochikweza, pomwe mfuti ikakhala yopanda kanthu chimakwera mofewa. Pemphani mkuluyo akuonetseni zigoba zomwe anawombera kale. Primer, kabatani ka pakati pa tako la chigoba koyatsa wonga, ikatuluka kunja pang'ono, kapena mukaona kamzere kowala kozungulira chigoba pafupi ndi tako lake, chigobacho chatsala pang'ono kuduka, ndipo tsiku lina mpweya wamoto udzabwerera kumaso kwanu. Mmisiri ali ndi tizitsulo toyezera, GO ndi NO-GO. Bolt itseke pa GO, ikane pa NO-GO. Ndi ntchito ya mphindi zochepa, ndipo wogulitsa amene akukana kuti mfuti ikayezedwe wakuuzani kale yankho.

Za trigger ndikuuzeni zimene ndinaona ndi maso anga. Munthu wina anabwera kushopu nkhope itagwa, atanyamula Mauser yokongola imene anagula kwa mnzake. Wina anali atapala trigger ndi fayilo kuti ifewe. Tsiku limenelo anatsika m'galimoto, nachotsa safety (loko woletsa mfuti kulira), mfuti n'kulira yokha chala chili kutali. Chipolopolo chinaboola chitseko cha bakkie, mwana wake ataima mbali inayo, mwayi wake anali cha kumbuyo. Kuyambira pamenepo mfuti iliyonse ndimaiyesa motere, ndipo inunso mukatero: tsimikizani kawiri kuti mulibe chipolopolo, kokani bolt, ikani safety, finyani trigger mwamphamvu, chotsani chala, kenako chotsani safety. Mfutiyo isati "tha" yokha. Bwerezani katatu. Kenako tsekani bolt mwankhanza, ndipo gogodani tako la mfuti pansi pa kapeti. Ikangoti "tha" yokha, imeneyo ndi yokakonza musanaikemo chipolopolo ngakhale chimodzi. Ngati muli trigger ya kampani ya Timney yoikidwa bwino, ndi phindu lanu.

Masulaninso sikopu ndi timipando take, muone mabowo. Akhale anayi, pamzere umodzi, pakati penipeni. Ndaonapo action yokhala ndi mabowo asanu ndi awiri ngati chosefera ufa, ena otsekedwa ndi zowotcherera. Bowo lakutsogolo likalowa pomwe dzino la bolt limatsamira, action yafooka ndipo ine sindingaigule ngakhale pamtengo wa nkhuku. Chogwirira cha bolt nachonso anachipinda kapena kuchiwotcherera kuti chisagunde sikopu, ndiye onani ngati pamalo owotcherawo palibe timabowo kapena mng'alu.

Thabwa lisakutayitseni nthawi. Funani mng'alu kumbuyo kwa action ndi pakati pa magazini ndi trigger, ndipo ngati mtengo wada n'kufewa chifukwa chomwa oyilo, masikuluwu sagwira bwino. Kwezani mfuti paphewa mutatsinzina, mutsegule maso. Ngati diso silikugwera m'sikopu, thabwalo analisemera munthu wina. Dzazaninso magazini ndi zipolopolo zoyesera zopanda wonga, muone ngati chilichonse chikukwera n'kulowa pansi pa chikhadabo chachikulu cha pa bolt chokokera chigoba, makamaka chomaliza. Ubwino wonse wa Mauser uli pamenepo, ndipo mfuti yosinthidwa kalibala nthawi zambiri imavuta pomwepo chifukwa .30-06 ndi yaitali kuposa 7.65.

Zonse zikayenda, pitani naye mwini wakeyo pamalo oyesera, muwombere pepala pa mamita 100 ndi zipolopolo za kufakitale zolemera magreni 180, zitatu zitatu, mpope uzizizira pakati. Zikagwera pamalo oti chikhatho cha mwana chaphimba, masentimita anayi kapena asanu, ngoma simudzaiphonya.

Pa mtengo, maganizo anga ndi awa. Ngati mpope ndi watsopano, wa bowo la mainchesi .308 enieni, headspace ili bwino, mabowo ali pamzere, ndipo sikopu ndi yodziwika, R18 000 sindingaikane, ngakhale ndikanayamba ndanenerera. Ngati mpope ndi wa usilikali uja, ndiye kuti mukugula action ndi thabwa basi. Kafunseni mmisiri mtengo wa mpope watsopano ndi ntchito yake, muchotse pa R18 000, ndipo kumbukirani kuti kusintha mpope kuno kumafuna chilolezo cha polisi, si ntchito ya sabata imodzi. Pamenepo .30-06 kapena .308 yakale ya kufakitale, monga Brno kapena Musgrave, ingakupumitseni mutu.

Loweruka mukapita, jambulani mpope wonse kuchokera pamwamba, nkhope ya bolt, ndi matako a zigoba zitatu zowomberedwa. Munditumizire ndione.