Kodi pulogalamu ya fish ndiipeza kuti?

Funso: Ndikufuna kusiya bash, ndiyese fish pa Ubuntu. Ndiitenga kuti, nanga ndikasokonezeka andithandiza ndani? — Wowerenga wa ku Matero

Yankho: Achimwene, fish ndi yaulere; ndi pulogalamu yolandira malamulo amene mumalembera kompyuta, ngati bash yomwe imabwera kale ndi Ubuntu (mtundu wa Linux). Tsegulani terminal (windo lolembamo malamulo), lembani sudo apt install fish, kenako lembani fish kuti iyambe. Mukaikonda, kuti izitseguka yokha m'malo mwa bash lembani chsh -s /usr/bin/fish, mutuluke mu akaunti yanu n'kulowanso; mukapanda kutero bash ibwerabe. Lamulo la chsh likakana, onani ngati /usr/bin/fish ili m'failo ya /etc/shells.

Thandizo lili m'kompyuta momwemo: muli mu fish lembani help, malangizo atseguka osadya bando. Samalani, fish simva malamulo ena a bash, choncho script (failo ya malamulo) yakale muziiyendetsa ndi bash dzina.sh. Mukapeza cholakwika chenicheni, kachinenereni opanga ake pa tsamba la pa intaneti la GitHub, mutchule nambala yomwe lamulo la fish --version lakupatsani.