Mafunso a Owerenga: Mabwinja a Pompeii ndi Chuma Chimene Chinafukulidwamo

FUNSO: Akonzi, ndinaona pa wailesi ya kanema zithunzi za anthu a mumzinda wa Pompeii ku Italy amene akuti anasanduka miyala phiri litaphulika, ena atagona chafufumimba, ena atadziphimba kumaso ndi manja. Kodi thupi la munthu lingasandukedi mwala? Ana m'kalasi anandifunsa ine n'kusowa chowayankha. Mphunzitsi wa sekondale, Zomba.

YANKHO: Aphunzitsi, anthuwo sanasanduke miyala, komabe zimene munaonazo si ziboliboli zosemedwa ndi mmisiri ayi. Phiri la Vesuvius litaphulika m'chaka cha 79 AD, kwa maola ambiri pamzindawo panagwa timiyala topepuka tosakanikirana ndi phulusa mpaka madenga ena anatitimira, ndipo m'mawa mwake kunatsika mtambo wa mpweya wotentha kwambiri umene unapha onse amene anali asanathawe. Phulusa losalala linakuta mitembo n'kuuma gwa. Patapita zaka, mnofu ndi zovala zinaola, koma phulusalo linasunga mphako yooneka ndendende ngati munthuyo mmene anagonera pomwalira.

Mu 1863, Giuseppe Fiorelli, amene ankatsogolera ntchito yofukula mzindawu, analamula kuti antchito akapeza mphako yotere asaigumule, koma athiremo pulasitala wosungunula ndi madzi, monga mmene woumba njerwa amathirira dothi m'chikombole. Pulasitalayo akauma ankachotsa phulusa mozungulira, ndipo munthu ankaonekera wathunthu, mafupa ake ali m'kati momwemo. Pa ena mumaoneka ngakhale makwinya a chovala ndi zingwe za nsapato. Pamalo ena amene kale panali munda wa mpesa pali anthu 13, akulu ndi ana, amene anafera pamodzi akuthawa, ndipo m'nyumba ina munapezekanso galu amene anafa atapindika, lamba ali m'khosi. Choncho muwauze anawo kuti akuona maonekedwe enieni a anthu enieni, ndipo n'chifukwa chake ine ndimaona kuti malo amenewa ndi oyenera kuwapatsa ulemu umene timapatsa manda.

Ku Herculaneum, mzinda wina umene unakwiririka pa ngozi yomweyo, kulibe zoumba zotere. Kumeneko, kuyambira cha m'ma 1980, kunapezeka mafupa a anthu pafupifupi 300 amene anaunjikana m'zipinda zosungiramo mabwato m'mbali mwa nyanja, mwina akudikira kuti wina abwere kudzawapulumutsa.

FUNSO: Mchemwali wanga anakaona Pompeii chaka chatha ndipo anabwerako akudandaula kuti makoma ambiri ndi opanda kanthu, chifukwa zinthu zokongola zonse anazitengera ku nyumba yosungiramo zinthu zakale mumzinda wa Naples. Kodi anazichotsa ndani, ndipo si kuba kumeneko? Mayi wa ku Area 25, Lilongwe.

YANKHO: Mayi, achemwali anu anaona zoona, ndipo nkhani yake imayambira kwa mafumu. Kufukula kunayamba ku Herculaneum mu 1738 ndi ku Pompeii mu 1748, molamulidwa ndi Charles wa banja la Bourbon, amene panthawiyo anali mfumu ya Naples. Cholinga sichinali kuphunzira mmene anthu akale ankakhalira, koma kupeza zinthu zokometsera nyumba ya mfumu. Amene ankayang'anira ntchitoyo, Rocque Joaquin de Alcubierre, anali injiniya wa asilikali, ndipo popeza Herculaneum inakwiririka pansi mamita pafupifupi 20, anthu ake ankaboola ngalande zapansi, n'kumadula zithunzi zojambulidwa pamakoma, kuzula ziboliboli, kenaka n'kukwiriranso pamene adutsa. Zithunzi zina zimene ankaziona ngati zosayenera mfumu ankaziphwanya dala kuti wina asazitenge. Ngakhale dzina la mzinda umene ankafukulawo silinatsimikizike mpaka mu 1763, pamene panapezeka mwala wolembedwa dzina lakuti Pompeii.

Zonse zofukulidwa zinkapita ku nyumba yachifumu ya ku Portici, kufupi ndi Herculaneum, kumene munthu ankalowa pokhapokha atapatsidwa chilolezo, ndipo alendo sankaloledwa kujambula zimene aona. Mfumu yomweyo ndi imene mu 1752 inayambitsa kumanga nyumba yachifumu ya ku Caserta, yokonzedwa ndi Luigi Vanvitelli, imene ili ndi zipinda pafupifupi 1,200 ndiponso ngalande ya madzi yotalika makilomita 38 yothirira akasupe a m'munda mwake. Ndatchula Caserta kuti muone mtima umene unalipo: mabwinja ndi nyumba zachifumu zonse zinali njira imodzi yoonetsera mafumu ena a ku Ulaya ulemerero wa Naples.

Pambuyo pake chumacho chinasamutsidwira m'nyumba yaikulu ya mumzinda wa Naples imene poyamba inamangidwira asilikali a pa akavalo, kenaka n'kukhala yunivesite. M'menemo anaikamonso ziboliboli zimene Charles analandira ngati cholowa kuchokera kwa mayi ake, Elisabetta Farnese, kuphatikizapo chiboliboli chachikulu cha Hercules chimene chinafukulidwa m'mabafa akale a Caracalla ku Rome. Ufumu wa Bourbon utatha mu 1860, zonsezi zinakhala za dziko, ndipo nyumbayo lero imatchedwa Museo Archeologico Nazionale di Napoli.

Tsono pa funso lanu lakuti kodi si kuba, ine ndingati chiyambi chake chinali chadyera ndipo chinawononga zambiri, chifukwa chithunzi chikadulidwa pakhoma popanda kulemba chipinda chimene chachokera, theka la zimene chikanatiphunzitsa limatayika. Koma tisabise mbali inayo. Zithunzi zambiri zimene zinasiyidwa pamakoma m'zaka zimenezo zinafufutika ndi dzuwa ndi mvula, moti zina timazidziwa kudzera m'zojambula za anthu amene anaziona kalelo, pamene zimene zinapita ku Naples zidakali ndi utoto wake wofiira ndi wachikasu. Taganizirani chithunzi cha nkhondo ya Alexander Wamkulu ndi Darius mfumu ya Perisiya, chimene chinapezeka mu 1831 pansi pa chipinda china m'nyumba yotchedwa Casa del Fauno. Chinapangidwa ndi timiyala toposa miliyoni imodzi, kalikonse kochepa kuposa njere ya mpunga, ndipo n'chachitali mamita pafupifupi 6. Munthu akachiyandikira amaona msilikali wakugwa akudziyang'ana nkhope yake pa chishango chonyezimira. Chinthu chotere chikanasiyidwa pamtetete kuti chizinyowa ndi kupondedwa, bwenzi lero tikungomva mbiri yake. Chinasamutsidwa mu 1843, ndipo chimene alendo amaona ku Pompeii masiku ano ndi chongofanizira.

Pakadali pano kaganizidwe kanasintha: zimene zikufukulidwa amayesetsa kuzisiya pamalo pake n'kuzimangira denga, monga anachitira ndi kamalo kogulitsira zakudya zophikaphika kamene kanaonetsedwa kwa anthu mu 2020, kali ndi zithunzi za tambala ndi abakha pathebulo lake.

FUNSO: Ndamva kuti mbali ina ya Pompeii sinafukulidwebe. Popeza masiku ano kuli makina amphamvu, bwanji osangomaliza ntchitoyo? Wophunzira wa ku yunivesite, Mzuzu.

YANKHO: Mzindawu ndi waukulu mahekitala pafupifupi 66, ndipo gawo limodzi mwa magawo atatu lidakali pansi pa phulusa. Akatswiri akulisiya dala, ndipo ine ndikugwirizana nawo ndi mtima wonse. Phulusa limene linapha mzindawu ndi lomwenso linausunga kwa zaka zoposa 1,600, ndipo tsiku limene khoma lafukulidwa ndi tsiku limene limayamba kudyedwa ndi chinyezi, mizu ya zomera ndi mapazi a alendo. Mu 1943 mabomba a pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse anagumula mbali zina, ndipo mu Novembala 2010 nyumba yotchedwa Schola Armaturarum inagwa yokha mvula itagwa yambiri, zimene zinachititsa manyazi dziko lonse la Italy. Zitatero, boma mothandizana ndi European Union linakhazikitsa ntchito ya mayuro pafupifupi 105 miliyoni, ndipo ndalama zambiri zinapita pa kulimbitsa makoma ndi kukonza njira za madzi a mvula, osati pa kufukula zatsopano.

Palinso chifukwa china. Ofukula a m'ma 1700 ankataya zinthu zimene lero zikanatiuza zambiri, monga njere, zotsalira m'miphika ndi dothi la m'zimbudzi, chifukwa analibe njira yozipimira. Mipukutu ya gumbwa pafupifupi 1,800 imene inapezeka cha m'ma 1750 m'nyumba ina ya ku Herculaneum inali itapserera ngati makala, ndipo yambiri inawonongeka anthu poyesa kuifunyulula ndi manja kapena kuidula ndi mipeni. Imene inasiyidwa osakhudzidwa, yomwe yambiri imasungidwa mu laibulale ya m'nyumba yachifumu ya Naples, ndi imene kuyambira mu 2023 yayamba kuwerengedwa ndi makina ounika m'kati pamodzi ndi makompyuta, popanda kuitsegula n'komwe. Amene adzabwere pambuyo pathu adzakhala ndi zipangizo zoposa zathu, ndipo n'koyenera kuwasiyira pofukula.

FUNSO: Ndidzakhala ku Rome kwa miyezi ingapo pa maphunziro a za mpingo, ndipo ndidzapeza masiku awiri okha opuma. Ndiwagwiritse ntchito bwanji? Mlongo wa chipani cha asisitere, Dedza.

YANKHO: Asisitere, sitima yothamanga yochokera ku Rome imafika ku Naples pakatha ola limodzi ndi mphindi zochepa, ndipo kuchokera kumeneko sitima yaing'ono ya Circumvesuviana yopita ku Sorrento imaima pa Ercolano Scavi, siteshoni ya ku Herculaneum, ndi pa Pompei Scavi, siteshoni ya ku Pompeii. Tsiku loyamba mulawirire ku Pompeii mutavala nsapato zolimba ndiponso mutatenga madzi, chifukwa misewu yake ndi ya miyala yokumbika ndi mateyala a ngolo ndipo mithunzi ndi yochepa. Gulani tikiti pasadakhale, popeza kuyambira mu Novembala 2024 salola alendo oposa 20,000 patsiku. Ngati miyendo ingakuvuteni, sankhani Herculaneum, imene ndi yaing'ono koma inasunga ngakhale matabwa a zitseko ndi mabedi. Tsiku lachiwiri mulipereke lonse ku nyumba yosungiramo zinthu zakale ya ku Naples, mukumbukire kuti imatseka Lachiwiri, ndipo muyambire ku zipinda za zithunzi za timiyala ndi zapakhoma, pamene nyumba zimene munaona dzulo lake zidakali m'maso mwanu.