Bambo akuiwalaiwala chichitireni opaleshoni

Funso: Adokotala, bambo anga a zaka 72 anachitidwa opaleshoni ya m'mimba sabata yatha. Usiku wachiwiri anayamba kusokonezeka mutu, ankafuna kutsika pabedi kuti akatsekere ng'ombe, ndipo ine ankanditchula dzina la malemu azakhali. Tsopano tili kunyumba, koma chinthu chimodzi amachifunsa kangapo. Abale ena akuti mankhwala ogonetsa anachuluka, ena akuti pali dzanja la munthu. Kodi adzachira?
Mayi wodandaula, Ngabu

Yankho: Pepani mayi, koma limbani mtima, chifukwa zimenezi zimachitikira okalamba ambiri akachitidwa opaleshoni yaikulu, ndipo si misala kapena ufiti. Madokotala amalitchula vutoli kuti delirium. Limayamba m'masiku atatu oyambirira, limakula usiku, ndipo kwa anthu ambiri limatha pakapita masiku kapena masabata, ngakhale kuti kuiwala pang'ono kumatha kutsalira kwa miyezi ingapo.

Mankhwala ogonetsa ali ndi mbali yake. Diazepam amaiwalitsa munthu zimene zinachitika pa nthawi ya opaleshoni, pomwe ketamine amatha kumuonetsa zinthu zomwe palibe pamene akutsitsimuka. Ketamine sakhalitsa m'thupi, pomwe diazepam amatha kukhalamo masiku angapo mwa munthu wokalamba; komabe ngati bambo akusokonezekabe patatha sabata, ine ndingayambe ndafufuza zina: ululu, kusowa tulo, kuchepa kwa magazi, malungo, matenda a pabala kapena m'chikhodzodzo, ngakhalenso kusiya mowa mwadzidzidzi kwa munthu amene ankamwa tsiku ndi tsiku.

Chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri ndi madzi. Kuno kuchigwa, mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumaposa madigiri 40, ndipo okalamba samva ludzu msanga ngakhale thupi litauma. Musadikire kuti apemphe okha. Apatseni madzi pang'onopang'ono tsiku lonse, ndipo mkodzo ukakhala wochepa ndi wodera, dziwani kuti madziwo sakukwana.

Masana azikhala pamthunzi panja ndi kuyendako pang'ono, kuti usiku agone bwino m'masikito. Muziwakumbutsa modekha tsiku ndi malo amene ali, ndipo akabwereza funso muwayankhe ngati kuti afunsa koyamba, osawakalipira kapena kuwaseka pamaso pa adzukulu.

Kukamwa kukapotoka, mkono kapena mwendo wa mbali imodzi ukafooka, akatentha thupi, bala likatuluka mafinya, kapena akamavuta kudzutsa, thamangirani nawo kuchipatala tsiku lomwelo. Ngakhale zisafike pamenepo, pitani nawo sabata ino akapimidwe magazi ndi mkodzo, mutatenga buku lawo la kuchipatala ndi mankhwala onse amene akumwa, kuphatikizapo azitsamba.