Za kukagona m'hotela ya m'phanga ku Matera

Achemwali, mwafunsa ngati n'koyenera kuti inu ndi abambo akunyumba mulipire ndalama zambiri kukagona m'hotela yakale ya m'mapanga ku Matera, mzinda wa kummwera kwa Italy, kapena mungotenga chipinda chotchipa kumtunda kwa tauni n'kumatsikirako masana. Ine ndinagonamo masiku awiri, ndipo ndikuti lowani m'phangamo, ngakhale usiku umodzi wokha. Koma musanatumize ndalama, muwafunse kaye zinthu zingapo eni hotelayo.

Funsani za masitepe. Mbali yakale ya mzindawu, imene amaitcha Sassi, inasemedwa m'thanthwe pamphepete pa chigwa chakuya cha Gravina, ndipo ili pawiri, Sasso Barisano ndi Sasso Caveoso. Nyumba zinasanjikizana moti njira imene mukuyendapo ndi denga la munthu wina. Magalimoto saloledwa kulowa mwachisawawa, ndiye takisi imakusiyani pamsewu, kotsalako ndi miyendo yanu. Ine ndinapita ndi sutikesi yaikulu yamateyala, ndipo teyala limodzi linathyokera pamasitepe tisanafike n'komwe pakhomo. Miyala yake inasalala chifukwa chopondedwa zaka mazanamazana, mvula ikangowaza imaterera ngati sopo. Alembereni kuti akuuzeni masitepe alipo angati kuchokera pamene galimoto imaima, komanso ngati pali wokunyamulirani katundu. Nsapato zazitali zisiyeni kunyumba. Ngati wina mwa inu amavutika maondo, sankhani chipinda chapafupi ndi msewu.

China ndi chinyontho. Mwala wa kumeneko ndi wofewa, umamwa madzi. M'chipinda mumazizira bwino ngakhale kunja kukuotcha, koma malaya amene ndinachapa madzulo anali asanaume m'mawa mwake. Mahotela abwino ali ndi makina ochotsa chinyontho ndi otenthetsa pansi. Wodwala mphumu afunsitsitse. Zipinda zambiri kuwala kumalowera pakhomo pokha, mkati kwenikweni muli mdima ngakhale masana, ndipo zina bafa lake lili poyera m'chipinda momwemo, lopanda chitseko. Muyang'anitsitse zithunzi za chipinda chenichenicho chimene akukupatsani.

Tsono chifukwa chimene ndikukukakamizirani n'chakuti chipinda chimene mukagonemo chinali nyumba ya anthu osauka kwambiri, ndipo si kale kwenikweni. Mpaka m'ma 1950, mabanja athunthu amakhala m'mapanga amenewa pamodzi ndi bulu ndi nkhuku, opanda madzi a m'mipope, opanda zimbudzi. Malungo omwe timawadziwa ife anali komweko, ana amamwalira ambiri, mpaka andale anafika potcha malowa manyazi a dziko la Italy. Nduna yaikulu Alcide De Gasperi inakayendera mu 1950, ndipo lamulo la mu 1952 linayambitsa ntchito yosamutsa anthu pafupifupi 15,000 kupita kunyumba zatsopano. Mapanga anatsala mabwinja. Mu 1986 kunabwera lamulo lina lolola kuti akonzedwenso, mu 1993 bungwe la UNESCO, loona za maphunziro ndi chikhalidwe padziko lonse, linaika Sassi pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse, ndipo mu 2019 Matera unali likulu la chikhalidwe ku Europe.

Tsiku loyamba mukalowe mu Casa Grotta ya ku Vico Solitario, nyumba imene anaisunga monga momwe anthu amakhalira. Bedi lake n'lalitali kuti athawe chinyontho chapansi, kunsi kwake ndiye kogona nkhuku. Kabati yazovala, dirowa yake yapansi imatsegulidwa usiku kukhala pogona mwana. Kumapeto kuli khola la bulu, m'chipinda chomwecho. Nditabwerera kuhotela madzulo ndinakhala pabedi loyalidwa nsalu zoyera, n'kumayang'ana zipsera za nkhwangwa pakhoma ndi kamphako kamene mwina amaikamo nyale, mtima unandiwawa. Ndinakumbuka agogo anga akutseka mbuzi kuseri kwa khitchini. Wongodutsa masana ndi kamera sangazimve zimenezi.

Ife amene tinakula tikutunga madzi, nkhani ya madzi a ku Matera imatikhudza. Anthuwa anasema ngalande ndi zitsime m'thanthwe kuti dontho lililonse la mvula lisatayike, ndipo mahotela ena adzakuonetsani chitsime chakale pansi pa chipinda chanu. Chachikulu kwambiri, Palombaro Lungo, chili kunsi kwa bwalo la Piazza Vittorio Veneto, chimatha kusunga malita pafupifupi 5 miliyoni, ndipo anthu amatsikamo kukaona. Buledi wawonso ali ndi mbiri. Amayi amakanda ufa kunyumba n'kupita nawo ku uvuni ya onse, ndipo banja lililonse linali ndi chidindo chake chamtengo kuti buledi asasokonezeke. M'mawa akakupatsani buledi wa Matera, wachikasu mkati, wa khungu lolimba, mudye ndi mafuta a olivi.

Ndipo usiku, achemwali! Mabasi a alendo akachoka, misewu imangoti zii, nyale zachikasu zimayaka phiri lonse mpaka kutchalitchi chachikulu chapamwamba chimene chinamalizidwa mu 1270. M'mawa kwambiri mumatuluka ndi khofi pakhonde, kutsidya kwa chigwa mukuona mapanga a ku Murgia, mabelu akulira. Ndalama yanu mukulipirira maola amenewo.

Kufika kwake n'kosavuta: mutsikire mumzinda wa Bari, pamenepo pali mabasi, kapena sitima yaing'ono ya Ferrovie Appulo Lucane imene imatenga ola limodzi ndi theka kapena kuposerapo pang'ono. Pahotela adzafuna mapasipoti anu nonse awiri, limenelo ndi lamulo, musadabwe. Palinso kamsonkho ka alendo kamene amalipiritsa pa usiku uliwonse, nthawi zambiri sikakhala m'mtengo umene mwaona pa intaneti. July ndi August kumatentha koopsa, ndipo pa 2 July pali chikondwerero cha Madonna della Bruna, cholemekeza Maria mayi wa Yesu, malo amadzaza msanga. Ine ndikanasankha May kapena kumayambiriro kwa October. Thumba likakhala lopereŵera, gonani m'phanga usiku umodzi, masiku enawo kumtunda, koma usiku umodziwo mufike dzuwa lisanalowe kuti masitepe muwaone bwino.